Lita ya Abambo Ake Tadala

Lolemba, kunyumba

Mawa tikukwera sitima yapamadzi pa Chipoka! Ine ndi abambo ake Tadala, masiku anayi panyanja, mpaka tsidya la Mozambiki n'kubwerako. Matikiti watigulira Yamikani, mwana wathu wa ku Lilongwe, akuti makolo akapume ukwati wa mlongo wake usanawathetse mafupa. Kubala n'kwabwino.

Abambo akusita malaya akuimba nyimbo. Iwo akukaona zilumba. Ine ndikukagula bulande, mowa waukali uja.

Eya, ndalemba, ndipo dzanja silinafote.

Ukwati wa Tadala watsala milungu isanu. Keke ndikuphika ndine, ya nsanjika zinayi. Keke yanga yazipatso ikudziwika kuyambira Chipoka mpaka Chitala, ndipo akandifunsa chinsinsi ndimati ndi pemphero ndi makala abwino. Zoona zake n'zakuti mphesa zouma ndimaziviika m'bulande milungu itatu, keke ikapsa ndimaimwetsanso pang'onopang'ono. Zaka zoposa makumi awiri, palibe akudziwa. Makamaka abambowa, mkulu wa mpingo, amene akamalalikira za mowa thukuta limanyowetsa kolala.

Ondigulira anali achemwali anga a ku Lilongwe, koma chaka chino alowa mpingo wa kusala kudya, akuti botolo sangalikhudzenso. Kugula ndekha ku Boma? Mtsikana wa pasitolo paja amaimba kwaya kwathu. Kutuma Yamikani? Bola kufa.

Tsidya lija palibe ondidziwa. Mabotolo awiri basi.

Zonyamula:
ziphaso
mankhwala a BP a abambo
zitenje zinayi (ziwiri zovala, ziwiri zokulungira)
mtedza wokazinga
nkhope ya munthu wosalakwa

Lachiwiri, m'sitima

Sitimayi ndi mudzi! Matumba a usipa, njinga, malata, nkhuku, mbuzi imodzi yomwe yandida pongondiona. Ife tili ndi kachipinda kathu kokhala ndi kiyi. Ndikuyenda ndi kiyiyo m'manja kuti anthu aone.

Mwera wayamba titangodutsa kufupi ndi Mbenji. Abambo, amene m'mawa amandifotokozera za Yona mwatsatanetsatane, agona chafufumimba, beseni lili pambali. Akuti, "Amayi, auzeni oyendetsa ayende m'mbalimbali."

Ndakumana ndi Abiti Mussa, mnzanga wa kumsika, wogulitsa usipa. Sitimayi amaikwera mwezi ndi mwezi. Tadya mtedza, tajeda theka la Salima.

Kenako chikwangwani. Chili pakhoma pafupi ndi podyera, cha a kasitomu. Ndachiwerenga katatu. Munthu wamkulu mmodzi, mowa waukali lita imodzi, osalipira msonkho. Kupitirira apo, unene, ulembe pafomu, ulipire. Ukabisa, alanda.

Lita imodzi! Amene analemba lamuloli sanaphikepo keke ya nsanjika zinayi.

Msonkhowo sindikuuopa. Ndikuopa fomu. Kuilemba nditaima patebulo, abambo ali paphewa panga atavala magalasi, akundithandiza masipelo monga amachitira? Ayi.

Palibe kanthu. Abiti ndi munthu wamkulu, ali ndi lita yawo. Limodzi ine, limodzi iwo. Nzeru ndili nazo, kungoti sukulu ndinalekeza panjira.

Lachitatu, tsidya la Mozambiki

Tatsika maola atatu. Abambo atsala m'sitima, akuti miyendo ikadali ya eni ake. Ambuye ndikhululukireni, ndakondwa.

Kasitolo kali kuseri kwa msika. Ndafunda chitenje kumutu ngati wopita kumaliro. Chipwitikizi sindidziwa, ndiye ndikuloza ndi chala, ndikuonetsa zala ziwiri, ndikuyerekeza kumwa, mpaka kudzandira pang'ono kuti amvetse. Bambo wa m'sitolo akungondiyang'ana. Kenako m'Chinyanja choyera bwino: "Amayi, mungonena, tikumva. Si inu a makeke a ku Chipoka?"

Mphwake anakwatiwa kwathu. Anadya keke yanga. Akuikumbukirabe!

Ndanena kuti ndi mankhwala opaka miyendo ya abambo. Akuti, "Pepani. Miyendo iwiri, mabotolo awiri." Sanaseke, munthu waulemu.

Komabe ndagula! Awiri, a lita lita, ali m'chikwama changa pansi pa zovala zamkati, kumene abambo safikako. Ndadya chambo chowotcha ndi tsabola wa kuno, wowawa mpaka m'makutu. Ndaguliranso Tadala nsalu yabuluu. Mtima uli m'malo.

Madzulo ndapita kwa Abiti ndi pempho langa. Ndayamba patali, za ubwenzi wathu, za tsiku lija ndinawasungira benchi kumsika. Nditafika pa botolo aponya manja m'mwamba: "Asitaghafirula! Haramu imeneyo, mnzanga, Chisilamu sichilola. Ndikunyamulireni mwala, ndinyamula." Aseka mpaka kutsamwa. Alumbira kuti sauza munthu, koma kunyamula ayi.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lachinayi, m'sitima, pobwerera

Ndikusaka munthu wamkulu wokhala ndi lita yopanda ntchito.

Mayi wa matumba a chinangwa: wa mpingo wosadya ngakhale mlamba. Sindinamalize n'komwe chiganizo.
Azungu awiri a pamwamba: zikwama zawo zikulira kale ngwerengwere.
Mphunzitsi wopuma wa ku Nkhotakota: akutsika ife tisanafike.
Bambo wa chipewa chofiira amene amakhala pa bala kuyambira m'mawa: wavomera ndisanafotokoze. "Bweretsani onse awiri, mayi, ndisamala ngati ana anga." Ndathawa. Kusungitsa mbuzi kwa fisi!

Kutsanulira m'fulasiki ya tiyi? Abambo achira, akufuna tiyi ola lililonse. Kutaya limodzi m'nyanja? Ndiye keke ikhala ya nsanjika ziwiri, pamene apongozi a Tadala ndawalonjeza zinayi pamaso pa ankhoswe. Sizingatheke.

Ndakhala pabenchi ndikuganiza, ndipo kwandiwalira. Abambo ake Tadala si munthu wamkulu kodi? Boma lawapatsa lita yawo. Iwo sakuigwiritsa ntchito. Za mwamuna ndi za mkazi, anatero abusa tsiku la ukwati wathu. Palibe lamulo lomwe ndikuswa, ndikungowathandiza kulandira gawo lawo.

Abambo apita kukacheza ndi oyendetsa sitima. Botolo lalowa m'chikwama chawo, pansi penipeni, lokulungidwa m'chitenje changa cha maluwa achikasu. Abiti akuti pa Chipoka a kasitomu satsegula zikwama za okalamba, amangofunsa. Tikakafika kunyumba ndikalitulutsa iwo akusamba.

Chikumbumtima chikundilasa pang'ono. Ndachipatsa mtedza.

Lachisanu, Chipoka



Padoko anthu ali mbwee. Amayi asanu a kumpingo abwera kudzatichingamira, mlembi wa mpingo ali patsogolo ndi ambulera. Ndani anawatuma?

Tebulo la kasitomu lili pamtetete. Mtsikana wa yunifomu, waulemu, akufunsa aliyense: fodya, mowa, katundu wogulitsa? Anthu akuti ayi, akudutsa. Abambo akanangoti ayi! Koma iwo aimika chikwama patebulo, akweza chala: "Mwana wanga, ine chibadwire mowa sunadutse pakhosi panga. Tsegula uone, anthu awa aphunzirepo!"

Mtsikana akuti palibe chifukwa, bambo, pitani. Iwo akakamira. Atsegula okha zipi. Atulutsa malaya, Baibulo, mankhwala a BP, chitenje cha maluwa achikasu.

Botolo lili mbee padzuwa. Doko lonse zii. Ndikumva mbuzi ija yokha.

Abambo ayang'ana botolo. Ayang'ana chitenje, chomwe anandigulira okha pa Khrisimasi. Ayang'ana ine. Kenako avula magalasi, akuti, "Ndi langa. Ndinaiwala."

Mayo ine! Munthu amene sananamepo ngakhale kwa wogulitsa tomato, wanama pamaso pa mlembi wa mpingo chifukwa cha ine. Ndimafuna kulira, ndimafuna kuwakumbatira, ndimafuna nthaka ing'ambike.

Mtsikana akuti, "Lita imodzi ndi yololedwa, bambo, palibe mlandu. Mukanangonena." Palibe mlandu! Kenako atembenukira kwa ine: "Nanga inu, amayi?"

Ndikanati ayi, ndikanadutsa. Koma ndiwasiye okha m'matope anga? Ndati, "Lilipo." Akuti sanamve. Ndati, "LILIPO!"

Kumbuyo wina akuti, "Aliyense ndi lake, banja logwirizana." Ndikudziwa mawuwo, ndi bambo wa chipewa chofiira.

Takwera minibasi tonse. Mlembi wakhala kutsogolo, ambulera ili pamiyendo, khosi gwa.

Loweruka

Abambo adzuka, asesa pabwalo, ntchito yomwe sagwira. Amwa tiyi. Kenako: "Amayi ake Tadala, khalani apa."

Ndaulula zonse. Mphesa, milungu itatu, achemwali a ku Lilongwe.

Mafunso awo:
Keke ya pa ukwati wa mwana wa mlembi? Eya.
Ya potsanzikana ndi abusa akale? Eya.
Ija anadya abusa magawo atatu n'kupempha ina ya m'thumba? Imeneyo ndinawonjezera.
Ya tsiku limene anandidzoza ukulu wa mpingo? Ndangoyang'ana pansi.

Ndayesa kudziteteza kuti ukali wake umathawa ndi moto mu uvuni. Akuti, "Nanga womwetsa pamwamba ikapsa uja amathawira kuti?" Ndani anandituma kufotokoza zonse?

 Kenako mapewa awo ayamba kugwedezeka. Ndimayesa akulira, koma akuseka, misozi mbwembwembwe. "Zaka zonsezi ndikulalikira, mdani ali m'mbale mwanga!" Nanenso ndaseka, koma mwamantha.

Masana foni siikupuma. Tadala akulira kuti apongozi amva. Yamikani akuti, "Amayi, mukanandituma ine." Lero! Mayi wina wa kumpingo wabwera kudzabwereka sefa yomwe ali nayo kwawo, maso ali pa kabati.

Abambo akuti mawa akaima okha kutsogolo, akanene zoona, kuti bodza la padoko lisagone m'mimba mwawo. Keke ya Tadala akuti ndiphike monga ndinalonjezera, sangachititse mwana manyazi. Koma iwo sadzadya. Sadzadyanso keke yanga yazipatso, mpaka kalekale. Anena mofatsa, osakwiya, ndipo pamenepo m'pamene pandiwawa.

Ndaviika mphesa. Ndaphikanso kakeke kena kakang'ono, kopanda kanthu, ka madzi a malalanje.

Lamulungu

Tchalitchi chadzaza ngati pa Pasaka. Ngakhale aja amabwera pamaliro pokha alipo.

Abambo aima, afotokoza. Botolo silinali lawo, ananama, apepesa. Dzina langa sanalitchule, angoti "za kukhitchini", mpingo wonse n'kutembenukira kwa ine. Akulu anzawo akuti akhale kaye pansi mwezi umodzi osalalikira, chifukwa cha bodzalo. Avomera. Abwera kudzakhala benchi ya kumbuyo, ndipo ine ndasiya malo anga a kutsogolo n'kukakhala mzere womwewo, mbali ya amayi.

Panja amayi andizungulira. Ndimayembekeza chidzudzulo. Mkazi wa mlembi wandikokera pambali: "Ife tinadziwa kalekale, fungo silibisika. Mwezi wa mawa kuli chinkhoswe kwathu, musachepetse." Maoda atatu lero lokha. Dziko ili!

Ndiye zatsala motere. Mabotolo onse awiri ndili nawo, mwalamulo. Keke ikhala ya nsanjika zinayi. Chinsinsi ndilibe.

Titadya masana ndawaikira kakeke kawo ka malalanje, ndi tiyi. Adula, atafuna nthawi yaitali, akuyang'ana kumpanda.

"Yakoma, amayi."

Theka alisiya m'mbale, aphimba bwinobwino ndi sosala. Akuti adya mawa.