Timadontho Tisanu Tofiira

Pali masiku ena amene ndikawakumbukira ndili m'sitima ndimatseka maso, anthu n'kumayesa ndikupemphera. Limodzi mwa masikuwo ndi Loweruka lija apongozi anga anandikhulupirira koyamba, ine n'kuwathokoza ndi ukhondo.

Ndiyambe ndi kudziulula. Ndine namwino (ee, amuna nafenso timakhala anamwino, musaseke), ndimagwira ntchito pachipatala ku Romford, ndipo ntchitoyi inandisiyira matenda amodzi: sindingaone dontho pachinthu n'kulisiya. Mkazi wanga Thoko amati ndinabadwa kansalu kali m'manja.

Bambo ake a Thoko amakhala ku Lewisham. Anabwera kuno ku London kudzaphunzira ine ndisanabadwe, ndipo m'malo mobwerera kumudzi anakhazikika, n'kugwa m'chikondi kawiri: ndi malemu mayi ake a Thoko, komanso ndi gulu lina lakale la azungu oliza magitala mokuwa. Ali ndi bokosi la timbale ta galamafoni, tija tating'ono tokhala ndi nyimbo imodzi mbali iyi, ina mbali inayo. Zaka zinayi ndili mkamwini pakhomopo, bokosilo ndinkangolipatsa moni patali.

Nthawi zambiri kambale kotere kamakhala ndi nyimbo yeniyeni kutsogolo, kumbuyo n'kuikako yongoperekeza. Koma gulu limeneli nthawi zina linkakanika kusankha, n'kulemba A mbali zonse ziwiri. Palibe kutsogolo, palibe kumbuyo, yoyamba ndi iti muona nokha. Apongozi ali ndi timbale totere tisanu, ndipo chaka chilichonse, patsiku limene anamanga ukwati ndi malemu, amatiliza tonse tisanu masana, banja lonse litakhala pansi.

Tsikulo litafika, ananyamuka m'mawa kukatenga achemwali awo ku Peckham pabasi. Atavala chipewa anatembenuka pakhomo. "Akamwini, timbale tisanu tili pamwamba m'bokosimo, mungotipukutako fumbi."

Ndinayankha kuti chabwino bambo, koma mumtima ndinali kuvina. Ndinadziuza kuti lero aona kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba.

Fumbi linachoka bwinobwino. Kenako ndinaona kadontho kofiira, kouma, pamalo osalala pafupi ndi kapepala kapakati. Ndinayesa kansalu konyowa, kadontho kanangondiyang'ana. Ndinatulutsa kansalu ka sipiliti kamene sikasowa m'thumba mwanga, osatheka. Ndinayesa chikhadabo, kenako nsonga ya khadi langa lokwerera basi, ndipo kanathothoka konse kamodzi. Mtima unangoti myaa. Kambale kachiwiri kanalinso ndi kadontho, kachitatu chimodzimodzi. (Munthu wanzeru akanaima apa n'kudzifunsa kuti litsiro lanji logwera malo amodzi kasanu, mbali imodzi yokha. Ine ndinangodabwa kuti anthu akhala bwanji ndi uve zaka zonsezi.) Tonse tisanu tinanyezimira.

Ndikusonkhanitsa tizinyenyeswa tofiira m'dzanja, Thoko anakuwa ali kukhitchini, m'Chichewa chake chobadwira ku London chija. "Babe, wawaona ma dots a Mum? Usakhudze iwe, ndi nail polish yawo. Mbali ya dot ndiyo imayamba, Dad amatsata zimenezo every year."

Ndinayang'ana m'dzanja mwanga. Munali chisankho chonse cha apongozi anga aakazi, amene anatisiya ine ndisanawaone, ndipo chikanakwana pansonga ya supuni. Ndinachita mantha enieni, ndiponso chisoni, chifukwa ndinadziwa kuti dzanja limene linaika timadonthoto silidzaikanso tina.

Njira yabwino inali kulowa kukhitchini n'kuulula. Ine ndinati ndikukagula buledi. Ndinathamangira kumashopu, n'kuima kutsogolo kwa timabotolo ta penti wa zikhadabo, ofiira okhaokha mitundu yosawerengeka. Mayi wogulitsa anafunsa ngati ndi wa mkazi wanga. Ndinati ndi wa apongozi, ndipo anandiyang'ana ngati ndine mkamwini wabwino kuposa onse mu Lewisham. Kabotolo ndinagula, buledi ndinaiwala.

Vuto linatsala linali lalikulu: kadontho kalikonse kanali mbali iti? Ndinali nditatembenuza timbale kambirimbiri, osakumbuka kanthu. Ndinauza Thoko kuti ndikuyesa singano ya galamafoni, n'kumvetsera nyimbo zonse khumi motsitsa. Maganizo anga anali akuti malemu anali namwino, inenso namwino, ndiye makutu athu sangasiyane kwambiri. Pakambale kalikonse ndinasankha nyimbo imene inandigwedeza phazi, n'kuikapo kadontho. Ndinauzira ndi pakamwa mpaka chizungulire, ndipo ndinatsekula mawindo onse kuti fungo lituluke, kunja kukuzizira koopsa. Thoko atafunsa, ndinati mpweya wabwino umapha tizilombo.

Titatha kudya, apongozi anakhala pampando wawo pafupi ndi galamafoni, achemwali awo pambali. Anatenga kambale koyamba, kuyang'ana kadontho, kukaika. Gitala atangolira, nsidze zawo zinakwera pang'ono. Kachiwiri, anavula magalasi n'kuwapukuta. Kachitatu, anakanunkhiza. Pofika kachisanu anazimitsa galamafoni, n'kulankhula moyang'ana kudenga.

"Zaka makumi anayi mayi awa sanagwirizanepo nane pa nyimbo ngakhale imodzi. Lero agwirizana nane pa zonse zisanu?"

Achemwali awo anayang'ana manja anga, ndipo ndipamene ndinaona kuti chala changa chachikulu chinali ndi mzere wofiira. Ndinatsika pampando n'kugwada pakapeti ngati ndili kumudzi, n'kufotokoza zonse, kuyambira kansalu mpaka buledi. Thoko anagwira pakamwa. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo pambuyo pake anandiuza kuti zinali zonse ziwiri.

Kenako apongozi anafotokoza kuti kambale kalikonse akagula, mkangano unkayambira m'basi. Iwo ankafuna nyimbo yaphokoso iyambe, mayi ankafuna yodekha ija, yoti munthu umve mawu. Mayi atatopa ndi kukangana, tsiku lina anangotenga penti wawo n'kudontheza, kuti nkhani ithe.

"Dzukani akamwini," anatero. "Simunataye kanthu. Ine ndimadziwa pamene panali kadontho kalikonse. Mukaona nyimbo imene ndimaikonda, mutembenuze, ndi pamenepo."

Anandituma kuti ndithothole timadontho tanga (ntchito imene tsopano ndinali katswiri), n'kupempha kabotolo kaja. Ndinkayesa apereka kwa Thoko, koma ayi. Anatsekula okha, n'kuika kadontho pambali imene anaitsutsa moyo wawo wonse, kamodzikamodzi mpaka kasanu. Achemwali awo anafunsa kuti bwanji osangoyamba ndi zomwe amakonda, poti wowaletsa palibenso. Iwo anayankha kuti zawozo amamvera masiku ena onse, koma tsiku limeneli mwini wake alipo.

Penti atauma tinayambiranso, nyimbo zodekha patsogolo, zaphokoso pambuyo. Zaphokoso zikafika, apongozi ankandiyang'ana n'kugwedeza mutu, mapazi athu awiri akugunda pansi limodzi. Pondiperekeza madzulo anandinong'oneza kuti khutu ndili nalo labwino, manja okha ndiwo ofunika kumangidwa.

Chiyambire tsikulo, bokosi lija ndimaloledwa kulitsekula, ndipo Loweruka lina timakhala awiriwiri kumvera mbali zathu zaphokoso. Ndikanakonda kunena kuti ndinaphunzira. Koma mwezi watha ndinaona timizere ta pensulo pafelemu ya chitseko cha kukhitchini, tokwera m'mwamba ngati makwerero, ndipo dzanja langa linali litafika kale m'thumba la kansalu ka sipiliti. Thoko analigwira lisanatuluke, n'kundionetsa kamzere kapansi penipeni, pomwe amayi ake anamuyeza msinkhu ali ndi zaka zitatu.