Thobwa la Anyamata a Mataye

Mpaka lero ndikafika pamjigo, amayi anzanga amayamba kutsokomola chifuwa chabodza. Ndikudziwa chimene akukumbuka. Bola ndiinene ndekha nkhaniyi, chifukwa Anachisale, amene tayandikana nawo nyumba, akamaifotokoza amaikometsera mopyola.

Kunabwera anyamata awiri kwathu kuno, kumtunda kwa Mtakataka, a mpingo uja amati a Momoni. Malaya oyera, mataye pakhosi, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Wamtaliyo anali mzungu wa ku Amereka, khosi psuu ngati phwetekere. Wamfupiyo anali wa ku Ghana. Onse awiri dzina n'limodzi, Elda, ndipo sasiyana: wina akalowa kuchimbudzi, mnzake amaima chapafupi ngati akudikira minibasi.

Ndinawauziratu kuti ine ndine Mkatolika wobatizidwa ku Mua, asadzivute. Koma ana a eni ake, anasiya amayi awo kutsidya kwa nyanja zamchere, fumbi mpaka m'maondo, ungawabweze? Ndinawayalira mkeka, ndinatereka tiyi wamkaka, ndinatulutsa makapu aja ndimasungira Khirisimasi.

"Pepani agogo," anatero Wamfupi, "tiyi sitimwa. Mpingo wathu sulola."

"Tiyi? Anakulakwirani chiyani tiyi?"

"Khofinso, mowanso, fodyanso," anawonjezera Wamtali, akumwetulira ngati akundiuza zabwino.

Anapemphera, anatsanzika kuti adzabwera Lachiwiri. Asanazimiririke n'komwe, Anachisale anasuzumira pampanda.

"Amzanga, alendo achoka kukhosi kuli gwaa? Kaya anaona chiyani m'makapumo."

Mawu amenewo anandiyabwa thupi lonse. Chikwatiwire, mlendo sanachokepo pakhomo panga osalawa kanthu (ngakhale wogula mbuzi uja anandibera, anadya kaye chinangwa). Ndikakhala pansi, ndadzuka. Ndikagwira tsache, ndalisiya. Kenako nzeru inabwera: thobwa! Si tiyi, si khofi, si mowa. Ndinasinja chimera cha mawere, ndinaphika mtsuko wathunthu.

Lachiwiri ndinakhala pakhonde maso kumsewu. Zii. Mawa lake, zii. Minibasi iliyonse ikaima ndinkaimirira, mpaka mawondo anayamba kudandaula. Anadzatulukira sabata ikutha, akuti akuluakulu awo anawaitanira ku Salima.

Tsono inu mukudziwa zimene thobwa limachita likagonera m'kutentha kwa kuno. Nditavundukula mtsuko, linali likuyankhula lokha, thovu tuu. Munthu wanzeru akanataya. Ine ndinayang'ana kumpanda, ndinaona duku la Anachisale likusuntha, ndinathiramo shuga.

Wamtali anatenga kapu, ananunkhiza, anayang'ana mnzake. Wamfupi ananunkhizanso.

"Agogo, kwathu kuli chakumwa chonga ichi. Chikayamba kununkhira chonchi, timati chakula."

"Chakula chiyani! Ili ndi thobwa, amamwa ndi ana oyamwa. Taonani."

Ndinagugudiza kapu yonse. Linandikanda pakhosi, koma nkhope ndinaigwira.

"Mwaona? Ndafa?"

Anangoyang'anana. Ndinati mwina umboni wachepa, ndinamwanso ya Wamtali. Kenako ya Wamfupi, kuti asaone ngati ndakondera. (M'mimba munali mopanda kanthu chim'mawire, poti ndinali kalikiliki kusesa pabwalo.) Ndinatunganso ina yotsukira mkamwa.

"Agogo, basi, takhulupirira," anatero Wamtali.

"Ngati mwakhulupirira, imwani!"

Anatsegula buku lawo kuti asinthe nkhani. Ali pakati powerenga, mtengo wa bwemba uli pabwalo panga unayamba kuyenda. Ndinauuza kuti uime. Kenako miyendo inakumbuka chimtali cha pa utsikana wanga, ndipo sinandipemphe chilolezo. Ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinayambitsa nyimbo, ndinamugwira Wamtali tayi kuti alowe m'bwalo. Mwana wa eni ake anangoti njo, manja m'mwamba, akuitana mnzake ngati wagwidwa ndi ng'ona. Akuti ndinamufunsanso Wamfupi ngati ali ndi chibwenzi kwawo, poti ine ndine wamasiye. Zimenezo sindikuzikumbuka, ndiye mwina ndi zokometsera zija.

Chimene ndikukumbuka n'chakuti ananditenga wina uku wina uku, anandikhazika pamkeka mumthunzi. Nditatsegula maso dzuwa litapendeka, ndinapeza ndowa zanga zadzaza madzi, nkhuni zawazidwa, makapu atsukidwa. Eni ake kulibe. Kumutu kwanga kunali Anachisale, akundikupiza ndi lichero.

"Alendo amwa bwanji thobwa, amzanga?"

Ndinatseka maso, ndinanamizira kukomoka.

Ndinkati sadzapondanso pakhomo panga. Koma sabata yotsatira ndinangomva "Odi, agogo!" Manyazi anandigwira, ndinasowa polowa. Pakhonde panali dengu la malambe amene ndinatola kuti ndikagulitse. Wamtali analoza.

"Timaziona m'mitengo zimenezi. Zimadyedwa?"

Ndinaswa limodzi pamwala. Anamung'unya, anatsinzina ndi kuwawasa, anapempha lina. Malambe! Zinthu zongogwa zokha, zimene anyani amadya osapempha! Ndinanyamula mkeka, ndinakauyala pafupi penipeni ndi mpanda, kuti wina amve bwino mmene akulavulira nthangala.

Mpingo wawo sindinalowe, iwonso tiyi wanga sanamwe. Thobwa ndimaphikabe, ndipo likagonera sinditaya ayi. Ndimaitana Anachisale kuti adzalawe. Mpaka pano akukana.