A Zondwayo ndi kompyuta yotsamwa

Aliyense pa Mzimba boma ankadziwa kuti kwa a Zondwayo chinthu chilichonse chinali ng'ombe. Anagwira ntchito ku dibi zaka makumi atatu, ndiye basi ikafa pa Jenda ankati yadya udzu wonyowa. M'busa akatalikitsa ulaliki ankati akubzikula.

Atapuma ku dibi analowa umesenjala pa kaofesi ka mpingo kogawa chimanga, chaka cha chilala chija cha 1992. Mlembi wake anali mayi Perpetua ochokera ku Dedza, ndipo m'kompyuta yawo munali mayina a mabanja a kumwera onse oyenera kulandira. Lole inali kubwera Lachisanu. Wosalembedwa, osalandira.

Lolemba kompyuta inazima. Anaitana a Bennet, katswiri wa ku Mzuzu, amene anafufuta zonse n'kuikamo mapulogalamu mwatsopano, n'kuthamangira basi. Mayi Perpetua atayatsa, pagalasi panangobwera mzere umodzi wa Chingerezi wodandaula za disiki. Anazimitsa, anayatsa, chimodzimodzi.

"Amama, ikuti vichi?"

"Ikuti disiki si yoyenera."

A Zondwayo anaizungulira kawiri, manja kumbuyo, n'kuigunda pambali.

"Yatsamwa iyi. Yasamulitsani."

"Adada, iyi si ng'ombe."

"Ndiye mwana wa ku Mzuzu uja waichiza?"

A Zondwayo anadina okha kabatani, ndipo kadisiki kamene a Bennet anaiwala kanatuluka ngati mbewu ya mango. Atayatsanso inalira kawiri n'kudandaula za kiyibodi. A Zondwayo anagwada kumbuyo kwake, anapeza chingwe chili lende.

"Mchira wagwa. Mbwenu dokotala wanu ndi wa nkhuku."

Atalumikiza chingwecho inayaka bwinobwino, mayi Perpetua mpaka anaseka. Koma atafufuza mayina aja, munalibe ngakhale limodzi. Mapepala akale anali atatumizidwa ku likulu. Mayi Perpetua anaika manja pamutu.

"Lembani," anatero a Zondwayo, akukoka mpando. "Matthews Jere, nkhunzi yothyoka nyanga. Mng'ono wake, wa mathole awiri ofiira."

Anatchula mudzi ndi mudzi, khola ndi khola, mpaka Lachitatu. Kenaka anaima. Anthu opanda ng'ombe sankabwera ku dibi, ndipo anjala kwambiri anali omwewo. Ankakumbuka nkhope za amayi amasiye, mayina ayi.

"Lembani kuti wamasiye wa kuseri kwa dibi, dzina funsani Zondwayo. Mayinawo ndikawatenga."

Mizere yotero inakwana khumi ndi umodzi. A Zondwayo anakwera njinga Lachinayi m'mawa, m'mimba muli tiyi yekha, dzuwa likuswa mtengo. Anthu anawapeza madzulo atagona pambali pa msewu wa ku Embangweni, atamwalira kale, njinga ataiimika bwino pamtengo. M'thumba la malaya munali kapepala ka mayina asanu ndi atatu.

Lachisanu mayi Perpetua anaima pa lole n'kumaitana anthu. Atafika pa mizere itatu yotsala anawerenga momwe inalembedwera. Anthu anayang'anana. Palibe anabwera, ndipo matumba atatu anabwerera ku boma.

Masiku ano pa ofesipo pali zii. Basi ikafa pa Jenda anthu amangotsika n'kukhala pansi, palibe woseketsa. Mayi Perpetua Loweruka lililonse amakwera matola kupita kumwera, kufunsa m'midzi ngati kuli wamasiye amene ankayembekezera munthu wa njinga.