Ukadzuka Satsika

Mng'ono wanga Fanizo tamuika mwezi watha. Anthu akabwera kudzandipepesa amayamba bwinobwino ndi nkhope zamaliro, koma wina akangotchula malata, basi, onse mano panja. Ndiye ndati ndiilembe nkhaniyo mmene mwini wake ankaikambira, asanaiwononge anthu amene kunalibeko.

Chaka chimene namondwe anasasula madenga kuno kwa Ngabu, nyumba ya Fanizo inatsala ndi dazi. Anaifunditsa lona. Dzuwa lakuno linadya lonayo mpaka inasanduka sefa. Mkazi wake Esinala anangonena kamodzi: "Bambo a Favour, mvula ikandipeza pansi pa chisanza ichi, ine ulendo kwathu ku Marka. Musadzanditsatire." Esinala sabwereza mawu. Ndipo Fanizo, ngakhale anali wadzanja lalitali, ankamukonda mkazi wakeyo ngati mchere.

Loweruka lina masana, mwezi wa Okutobala, Fanizo anaitanitsa nduna zake pansi pa mtengo wa nimu kwa mayi Clotilda ogulitsa uchema. Fanizoyo ankatchedwa Injiniya, chifukwa anatsegulapo wailesi ya amalume, poitseka zotsala zinadzaza mbale. Panali Limbikani wakabaza, woonda mpaka anthu anangomutcha Sipoko. Panalinso Shadreck mwini ngolo, dzina lake Tulo, munthu amene anagonapo choimirira pa mzere wa kuchigayo.

Mlendo wolemekezeka anali Leonard, woyendetsa fokolifiti ku shedi ya bwana wina wogulitsa malata ndi simenti. Fokolifitiyo ndi kagalimoto konyamula katundu ndi mano awiri achitsulo kutsogolo, n'chifukwa chake kuno timangoti Njiri. Fanizo ankamuthirira Leonard uchema osawerenga zikho, ndipo uchema unamasula lilime.

"Njiri ija ili ndi ubongo, shamwali," anatero Leonard. "Katundu umayenda naye m'munsi, pafupi ndi nthaka. Ukamukweza m'mwamba n'kumayenda, imachepetsa yokha liwiro kuopa kugubuduka. Ikayamba kupendekeka imalira. Ndiye pampando pali kanthu komva matako. Ukangodzuka, yaima, mano akhoma. Sakwera, satsika."

"Pyadidi, pyadidi," Fanizo ankavomereza akugwedeza mutu. Koma makutu anali atawatumiza kutchuthi, nzeru zonse zinali ku dzanja limene linkasaka kiyi m'thumba la Leonard. Sipoko anali pa nkhondo ndi ntchentche m'chikho. Tulo anali atagona.

Leonard atadzandira kupita kwawo, Injiniya anaonetsa kiyi ngati chikho cha mpira.

"Dilu ndi iyi, amwene. Mbava zopusa zimaba usiku agalu ali maso. Ife tikaba mawa, dzuwa lili paliwombo. Mlonda wa pashedi, a Gabriel, amakaimba ng'oma kutchalitchi kuseri kwa mpanda, geti amakhoma. Ife tilowera pa mtengo wakumbuyo. Njiri inyamula mtolo wa malata, ine ndikhala pamwamba n'kumaponya kunja kwa mpanda. Tulo alandira m'ngolo. Sipoko, dalaivala ndiwe."

"Ine galimoto sindinayendetsepo, Injiniya."

"Mayi Clotilda unawanyamula pa njinga kuchokera kumsika ndi zigubu zawo?"

"Ndinawanyamula."

"Ndiye malata n'chiyani? Chiwongolero ndi handulo yozungulira basi."

"Kodi mukutchula ndani uko?" anafuula mayi Clotilda.

"Nkhabe, mayi, tikuyamikira uchema!"

Lamulungu linafika ndi dzuwa lija lakwathu loti abuluzi amayenda chonyang'ama. Kutchalitchi ng'oma inayamba. Tulo anaimika ngolo ndi ng'ombe ziwiri kunja kwa mpanda, n'kutsamira pa tayala kuti aganizire bwino. Injiniya ndi Sipoko anakwera mtengo, anatsikira mkati, Injiniya anasiyako thumba la buluku pa nthambi.

Kiyi analowa. Njiri inadzuka, timagetsi tikuphethira. Sipoko anagwira chiwongolero n'kuseka yekha.

"Injiniya, ndijambuleni!"

"Yendetsa, galu iwe."

Anaponda. Njiri inapita m'mbuyo ikulira pii, pii, pii ngati mwanapiye wotayika. Anakhotetsa kumanja, matako a Njiri anathamangira kumanzere, chifukwa iyo imakhota ndi matayala akumbuyo. Anakoka chitsulo china, dzino linaboola thumba la simenti, phwii! Fumbi litatha, onse awiri anali mbuu ngati anamwali otuluka kutsimba.

"Zikuyenda bho," anatero Injiniya akulavula simenti. "Kuphunzira n'komweko."

Mulungu amaleza mtima ngakhale ndi zitsiru, mano aja analowadi pansi pa mtolo wa malata. Fanizo anakwerapo n'kukhala mwachifumu. Mumtima ankaona kale denga likunyezimira, Esinala akumuthirira tiyi mvula ikuimba pamwamba.

"Kweza, dalaivala!"

"Tikakwezere kumpanda komweko, Injiniya."

"Kweza pompano, ndizionera adani patali. Pitirira. Pitirirabe. Mpaka kumapeto!"

Anakwera m'bale wanga, kupitirira mpanda, kufika pamene pamakhala mango okoma aja. Anaona msika, anaona msewu wa ku Nsanje, anaona Tulo ali kukamwa yasa.

"Tsopano thamanga nayo!"

Njiri inakana kuthamanga. Katundu ali m'mwamba chotero, inayamba kuyenda ngati mkwatibwi wolowa m'tchalitchi. Nkhuku ina inaidutsa, inatembenuka kuiyang'ana, n'kupitiriza ulendo.

"Ponda, Sipoko!"

"Ndaponda mpaka pansi!"

Pakati pa shedi ndi mpanda panali kachitunda. Tsono inu mukuwadziwa akabaza. Katundu akalemera pachitunda, wakabaza amatani? Amadzuka pa chishalo n'kupalasa choimirira. Zili m'magazi. Sipoko anadzuka, n'kuweramira kutsogolo, n'kukankha chiwongolero ndi mphamvu zake zonse.

Njiri inaima njii.

"Wachitanso chiyani?"

"Palibe! Ndikuithandiza!"

Atatopa anakhala pansi kupukuta thukuta. Anagwiragwira zitsulo, anaponda, Njiri inayenda. Anasangalala, anadzukanso kuti aiwonjezere moto. Njii. Anakhala, inayenda. Anadzuka, njii.

Sipoko anasuzumira pansi pa mpando. Anayang'ana kumwamba. Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

"Injiniya, chinthuchi n'chotsirika. Chikundiona."

"Kutsirika kwa chiyani? Imeneyo ndi batire!"

"Batire imadziwa bwanji kuti ndaimirira? Bwana ameneyu mankhwala anakatenga kutsidya kwa Shire, ine ndikukuuzani."

"Khotera uku tizembe chitundacho!"

Sipoko anakhala, n'kukhotetsa Njiri chopingasa pachitunda, katundu ali kumwamba. Mtolo unapendekeka, Fanizo anaitana amayi athu amene anamwalira kalekale. Njiri inaona kuti apa pagwa munthu. Inaima yokha, n'kuyamba kulira kulira kwenikweni, getsi lofiira likuthwanima.

Kunja ng'ombe zinamva kulirako, zinadzambatuka ndi ngolo. Tulo anagwa chagada, anadzuka, anathamangira mbali imene ng'ombe sizinapite. Sipoko analumpha pa mpando, mtengo uja anaukwera ngati nyani wolumidwa ndi mavu.

"Sipoko! Nditsitse kaye!"

"Ikutsitsani yokha, si ikukuonani!"

Pampando panalibe matako. Mano anakhoma.

Abale anga, malata a kwa Ngabu masana a Okutobala mukhoza kukazingirapo dzira. Fanizo anakhalira tako lamanja, linapsa. Anakhalira lamanzere, linapsa. Anaimirira, mapatapata anayamba kununkha. Kudumpha, pansi pali konkire, ndipo m'bale wanga anali wamimba. Kutsetsereka ndi unyolo, uli girisi yekhayekha. Ndiye anayamba kupondaponda, mwendo uwu, mwendo uwo, malata akuyankha khwa, khwa, khwa.

Nthawi yomweyo tchalitchi inaweruka.

Anthu anatuluka n'kuona munthu woyera mbuu ali mlengalenga pamwamba pa mpanda, akuvina, manja ali m'mwamba, lipenga likulira. Gogo wina anagwada pomwepo kuti tsiku lija lafika. Amayi anayambitsa nyimbo. A Gabriel, ng'oma ili m'khwapa, anangopezeka akumupatsa kayimbidwe kogwirizana ndi mapazi.

Kenako mwana wina anati, "Mngeloyo bwanji buluku lake lang'ambika?"

Esinala anadutsa pakati pa anthu, buku la nyimbo lili m'manja. Anaphimba maso kudzuwa, anayang'anitsitsa.

"Bambo a Favour."

"Mayi, ndikufotokozerani."

"Ine ndinati malata akhale pamwamba pa inu. Sindinati inu mukhale pamwamba pa malata."

A Gabriel anatsegula geti, apolisi anafika, ndipo Leonard anabwera mutu ukumuwawabe ndi uchema wadzulo. Sanakalipe. Anakhala pampando, anamanga lamba, anatsitsa mano pang'onopang'ono mpaka Fanizo anatera m'manja mwa wapolisi ngati thumba la thonje.

"Takhuta, shamwali," anathokoza Fanizo. "Koma chinthuchi bwenzi utatiuza."

Sipoko apolisi anakamugwira kwa sing'anga akusamba mankhwala ochotsa diso la Njiri. Tulo anapita yekha kupolisi kukadandaula kuti ng'ombe zake zabedwa, atafunsidwa kuti zinali kuti, ananena zoona.

Mvula inawapeza onse atatu pansi pa malata abwino, a boma. Ku Marka Esinala sanapite. Anati nkhaniyi inafika kumeneko iye asanamange n'katundu yemwe, akanakaonetsa nkhope iti? Anamweta udzu, anafolera yekha nyumba, n'kumudikira.

Mwezi watha uja kumanda, nyimbo zitatha, anyamata anagwira zingwe kuti atsitse bokosi. Sipoko, tsopano wa imvi, anali atakhala pa mulu wa dothi akulira. Anati adzuke akagwire nawo chingwe. Esinala anatulutsa nkhope m'chitenje.

"Sipoko, khala pansi. Ukadzuka satsika."

Manda onse anaphulika. Abusa anabisa nkhope m'Baibulo, ine ndinaseka mpaka misozi inasokonekera, yachisoni ndi inayo osadziwika. Sipoko anakhala, n'kugwiritsa dothi ndi manja onse awiri. M'bale wanga anatsika bwinobwino, pang'onopang'ono, mpaka pansi.