Thadzi la ku Ulongwe

Lolemba

Ndafika kwathu kwa Mposa. Fumbi mpaka m'makutu. Loweruka likudzali mchemwali wanga Esnati akuchita chinkhoswe, ndipo malume, poti mwendo wawatupa, akuti unkhoswe ndiugwire ine. Mawu awo: "Ukayendetsa bwino, mbumba yonseyi ndikusiyira iwe. Ukalakwitsa, ndimupatsa mng'ono wako Yohane, iwe ubwerere ku choko chako."

Yohane! Munthu wonunkha matemba a ku Chilwa, amene sukulu anaitsanzika ali sitandade sikisi. Ine wa kukoleji, wophunzitsa ana a eni ku Balaka, ndingalephere kupereka nkhuku? Mwambo wake ndi womwewo basi: akuchimuna atipatsa tambala, ife tiwapatsa thadzi, amayi aimbe nthungululu.

Vuto ndi mkamwiniyo. Fabiano, wa ku Chikweo, wokonza njinga. Wabwera kale kudzafolera nyumba imene adzakhalemo ndi Esnati. Ndamuona. Mayo ine! Foni amaisunga m'pepala la shuga. Ikalira amayamba wavula chipewa.

Pulani ya sabata ino:
1. Kupeza thadzi loti a ku Chikweo akalisimbe mpaka chaka chamawa.
2. Kupeza mawu omuyenera mlamu wangayu, ndidzawaponye mochenjera polankhula Loweruka.

Oyamba: wachimidzi. Akuchepa.

Lachiwiri

Amayi akundionetsa thadzi lawo. Kameta, khosi lopanda nthenga, thupi ngati njiwa yodwala. "Limeneli silitaya dzira, mwanawe." Iyayi amayi. Sindingaime pagulu, jekete ili m'thupi, nditanyamula chinthu chometa m'khosi.

Mbiri ya Fabiano, yochokera kwa Esnati mwini wake, akuisimba monyadira ngati ndi satifiketi:
— Ku Balaka anapitako kamodzi. Pa depoti anayamba kupereka moni kwa aliyense, mmodzimmodzi, mpaka minibasi inamusiya.
— Tsiku lina unabwera uthenga pafoni woti wawina galimoto. Iye kuyankha: "Pepani, mpikisanowo sindinalowe nawo. Apatseni eni ake."
— Akaona amayi panjira amapatukira patchire mwaulemu wa mkamwini, ngakhale pakhale chitedze.

Zokolola za lero: fontini, kape, mwana wadzulo, wogona.

Esnati akuti, "Achimwene, munthu ameneyu ndi wofatsa." Kufatsa! Nayonso mbuzi ya pachingwe imafatsa.

Lachitatu

Ulendo wa ku Ulongwe, kumene mnzanga wa kuntchito amati kuli nkhuku zenizeni. Kabaza, minibasi, Liwonde, minibasi ina. Msana watha.

Wogulitsa ndi bambo wa mzuli woyera, ndevu zosamalika. Kungondiona: "Aphunzitsi, inu mukuoneka kuti nkhuku mumazidziwa." Munthu wozindikira uyu! (Kapena waona zolembera zitatu zili m'thumba la malaya.)

Ndikumufunsa mafunso a munthu wophunzira: imadya chiyani, katemera wa chitopa inalandira, ndi ya mtundu wanji. Akuyankha zonse. Ndikusankha ndekha: yakuda bii, yaitali, chifuwa ngati msilikali, kofiira ka pamutu kakang'ono ndithu.

"Thadzi langa ndi limeneli," ndikutero.

"Mwasankha nokha, aphunzitsi. Walahi, nkhuku imeneyi simudzaiiwala."

Ndaiika m'katoni. Pa siteji ya kwathu ndikupeza Fabiano ndi njinga. Ndinamuuza kuti ndibwera masana, ndiye wakhala padzuwa kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka lapendeka. Mthunzi uli apo, koma ati ankaopa kuti ndingamuphonye. Pomanga katoni pakaliyala wasuzumira pabowo, kenaka wangoti zii njira yonse. Wachita mantha ndi kukula kwake, ndikuganiza.

Mawu a lero: bulutu.

Lachinayi

Katoni ili kunsi kwa bedi langa. Palibe woiona mpaka Loweruka. Amayi: "Tiione kaye nkhukuyo." Iyayi. Chinthu chodabwitsa anthu sachionetsa kukhitchini.

M'mawa Fabiano watsika padenga, chipewa m'manja, maso pansi.

"Alamu, pepanitu. Nkhuku ija miyendo yake yatalika. Komanso nthenga za kumchira zayamba kupindika."

Ndamukhazika pansi. Ndamuphunzitsa mofatsa, ngati mwana wa sitandade wanu, kuti nkhuku yamtundu si kameta wa ku Chikweo; imatalika, imapindika, ndiwo mtundu wakewo. Wamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Chabwino alamu. Inu ndinu wophunzira."

Pamenepo walasa.

Mawu ena: wotsalira, mbuli, wosapenya. Amenewa ndawakonda. Ndidzati, "Mkamwini wathu tamulandira, ndipo pang'onopang'ono adzapenya." A ku Chikweo adzaomba m'manja osadziwa kuti alumidwa.

Lachisanu

Mbandakucha, phokoso kunsi kwa bedi. Ngati chitseko cha dzimbiri, ngati munthu wotsamwa ndi chinangwa. Chifuwa chimenechi, mwera wa masiku ano. Ndaimwetsa madzi a tsabola. Yandijompha.

Amayi panja: "Kodi chikulira m'chipinda mwakomo n'chiyani?" Foni, amayi. "Foni yako ikufuna kutha msinkhu."

Sindinawamvetse. Akuluakulu akatanganidwa amalankhula zilizonse.

Nkhani ya lero ndi iyi. Poti kameta uja ndinamukana, amayi anati aphedwe, alendo adyere. Mpeni wanoledwa kale. Fabiano, poti sangalankhule ndi apongozi maso ndi maso, watuma Esnati kukapempha kuti nkhukuyo isaphedwe. M'malo mwake wapalasa njinga mpaka kudooko, wabwera ndi dengu la nsomba, thukuta kamukamu.

Mwamuna wamkulu, mawa akutenga mkazi, kumvera chisoni nkhuku yometa! Mchemwali wanga adzadya chiyani m'banja limeneli? Masamba okhaokha, nkhuku zikufa ndi ukalamba.

Mawu: chidzete. Mtima wa khanda.

Jekete ndasita. Zolankhula, masamba atatu.

Loweruka



Pansi pa mtengo wa mango, anthu thithithi. A ku Chikweo mbali iyi, ife mbali iyo. Nkhoswe wawo, mdala wa imvi, akupereka tambala wofiira. Nthungululu. Ine ndikuimirira, ndikukonza jekete, ndikutsegula katoni pang'onopang'ono kuti onse aone.

Thadzi langa likuona dzuwa koyamba m'masiku atatu. Likuwongola khosi. Likukupiza mapiko. Kenaka, pamaso pa mbumba ziwiri:

Kokoliliko!

Tsabola uja wathandiza. Mawu ake oyera mbee.

Wofiira uja akuyankha, akudula luzi, nkhondo pabwalo. Nthenga m'mwamba, ana kukuwa, amayi ena kugwa pamphasa ndi phwete.

Mdala wa imvi sakuseka. "Pepani akuchikazi. Ife tinabwera kudzapempha mbeta, inu mwatipatsa mnyamata mnzathu. Awiriwa adzaswa bwanji?"

Azakhali ake a Fabiano akuti amenewa ndi malodza, kapena chipongwe chochita kukonza. Akumanga chitenje m'chiuno, akutola thumba lawo. Ena akuimirira nawo. Esnati, kunsi kwa nsalu imene amufunditsa, mapewa akugwedezeka. Si kuseka kumeneko.

Ine ndili chiimire, katoni m'manja. Kukoleji zimenezi sitinaphunzire.

Fabiano akudzuka. Akuzungulira kuseri kwa nkhokwe. Akubwera ndi kameta, miyendo yomanga kale ndi luzi latsopano. Yomanga kale! Akugwada, akupereka kwa malume. Osati kwa ine. Malume akutsimphina ndi ndodo mpaka pakati: "Uja anali wokuyesani ngati muli maso. Mbeta yanu nayi."

Mdala waseka. Azakhali akhala pansi. Nthungululu.

Masamba atatu aja akadali m'thumba la jekete.

Lamulungu

Pochokera kutchalitchi malume aitana mbumba. Unkhoswe wapita kwa Yohane. Sanavale n'komwe nsapato polandira.

Mawu amene ndatola lero, popanda kuwafunafuna:
— Malume: "Anthu osavinidwa ndi choncho."
— Yohane: "Achimwene, mukadzafuna mbuzi mudzanditume."
— Amayi, kwa mnansi, atausa moyo: "Mwana wangayu ndi wophunzira."
— Ana a m'mudzi alibe mawu. Ndikadutsa amangokupiza manja.

Tambala wa ku Ulongwe tadyera masana. M'mbale yanga aikamo miyendo yonse iwiri, ya zala zomwe. Ndi yaitalidi.

Wondiperekeza ku siteji ndi Fabiano. Ndakhala pakaliyala, pomwe panakhala katoni. Njira yonse ndikudikira kuti anene. Ine ndikanakhala iye ndikanayamba pakhomo pomwe, n'kumaliza minibasi itanyamuka. Iye kungopalasa, kupereka moni kwa aliyense wodutsa.

Pa siteji wavula chipewa.

"Alamu, musadandaule. Nkhuku zikakhala zazing'ono, inenso zimandisokoneza."

Bodza. Maso ake ali pa tcheni cha njinga. Ngakhale kunama sadziwa.

Ndawerenganso mndandanda wanga m'minibasi. Mawu ndi abwinobwino, onse ali ndi mwini wake tsopano. Omuyenera mlamu wanga mulibemo.