Nthutumba ya Lamulungu

Lolemba
Pasiteji ya kabaza wailesi ikuti tonse timange malamba. Tonse ndani? Onenawo mimba zili apo! Ndalalata mpaka kukhosi gwa: akuluakulu asiye kudya okha.
Kunyumba ndivundukule mbale yanga, dzira lathunthu. Ana awiri, Tadala ndi Chisomo, akugawana limodzi. Mkazi wanga akuti, "Ine ndadyera kukhitchini." Bodza. Chitenje chikuwazungulira kawiri masiku ano. Mtima ukundiwawa. Kani wodya yekha m'nyumba muno ndine!

Lachiwiri
Ndalengeza kusintha zinthu:
Mbale yapadera ya abambo yatha.
Tonse pamphasa imodzi.
"Ndadyera kukhitchini" ndi mlandu.
Lamulungu tipha nkhuku yathu ija, nthutumba adye amake Tadala.
Ana akuomba m'manja. Mayi awo angondiyang'ana: "Kodi mwagwa panjinga?"

Lachitatu
Ndili pamphasa. Mawondo anga, mayo! Chisomo wakwera pampando wanga, akuti boma walanda. Ndiwo ndi bonya, mbale imodzi. Mayi akungonyika mbamu mumsuzi, bonya akukankhira mbali yanga ndi chala. Ndikankha, abweza. Ndikankhanso, abwezanso. Tadala watola wadya.

Lachinayi
Alandilodi andiona ndikugawa ndiwo ndi chipande. Pofika masana Chinsapo yense wamva kuti ndinadyetsedwa khuzumule. Anzanga pasiteji: "Achimwene, mapoto mwatsuka kale?" Anthu omwewa Lolemba amafuna chilungamo!
Mayi abwera kotunga madzi nkhope ili ndwii. "Mukundichititsa manyazi. Anthu aziti sindisamala mwamuna." Lamulo la mphasa lachotsedwa. Ine sanandifunse.

Lachisanu
Kampeni yavuta. Tadala akuti nthutumba ndi yake poti nkhuku amaipatsa madeya ndi iyeyo. Chisomo walonjeza kuti akampatsa asiya kukodza pogona. Malonjezo amenewa tinawamvapo.
Mbale yovundikira yabwerera. Dzira ndadula pawiri, theka ndawasiyira mayi pasosala. Ndacheuka, lili mkamwa mwa Chisomo. Amupatsa okha.

Loweruka
Nzeru ina. Masana ndauza mayi kuti ndadya tchipisi pasiteji, changa adye iwo. Kenaka ndanyamula thumba la makala kuchokera ku Njewa. Pachitunda maso achita mdima. Ndatsika, ndakankha njinga.
Kufika pakhomo, mayi andiyang'ana pakamwa. "Milomo ili mbuu imeneyo yadya tchipisi? Bodza limeneli mwini wake ndine." Chakudya changa chili chivundikire, sanachikhudze. Taseka mpaka misozi. Kenaka iwo asiya kuseka. "Inu mukagwa panjinga, tonse tagwa." Mkazi ameneyu ndimamukonda, koma ngwamakani zedi.

Lamulungu
Nkhuku yaphedwa. Ana miyendo ndi mapiko. Ndivundukule mbale yanga, nthutumba ili phee pamwamba. Boma lakale labwerera.
Mayi apita kukatenga madzi akumwa, ine mwachangu ndaibisa pansi pa mtanda wawo wa nsima. Aipeza. Aluma, pang'ono chabe ngati mbewa, yotsalayo aibwezera m'mbale mwanga. "Iyo ndi ya njinga."
Ndadya, nanga nditani. Malamulo anga onse agwa, pasiteji mawa andisekanso. Koma lero sanakadyere kukhitchini. Akhala pomwe pano, akutafuna ine ndikuona.