Tsiku Lomwe Ndinasamutsira Indonesia ku Africa

Pali manyazi ena oti ukawakumbuka uli wekha m'basi, umabisa nkhope. Anga ndi awa.

Inali nthawi ya recession ku Dublin, chuma chitavuta. Ntchito yanga yokolopa ku airport inali itatha. Tsiku lina lecturer wathu wa Tourism, mayi wachiairishi wolankhula ngati akuthamangitsidwa, anati akufuna MC pa show ya nyimbo za "Sudanese". Wochita bwino amupezera ganyu yoperekeza alendo.

Ndinaimika dzanja msangamsanga. "Madam, ine ndi mwana wa mu Africa. Nyimbo zimenezo ndakula nazo!"

"Zoona, Kondwani?" anafunsa modabwa.

"Ndi maneba athu amenewo!"

Weekend yonse ndinaloweza za Sudan. Ndinabwereka mkanjo woyera kwa mnzanga ku Finglas, kumutu n'kukulunga tawulo.

Tsikulo basi inandichedwetsa, ndiye ndinangolunjika pa stage. Holo yodzaza!

"Ladies and gentlemen! Konzekani kumva nyimbo za m'chipululu, kwawo kwa ngamila, m'mbali mwa mtsinje wa Nile!"

Katani itatseguka, ndinaona anthu a ku Asia atanyamula nsungwi. Pakati pawo panali Euis, mtsikana wa ku Indonesia wa m'kalasi mwathu.

Wanzeru akanakhala chete. Ine ayi.

"Monga mukuonera, Sudan ndi dziko la mitundu yambiri!"

Euis anandilanda mic. "Kondwani, si Sudanese, ndi Sundanese. Ndife Asunda a ku West Java. Kwathu kulibe ngamila, kuli mpunga wokhawokha!"

Holo yonse inafa nalo phwete. Ine thukuta kamukamu.

Euis anakweza chida chansungwi chotchedwa angklung, chomwe chimalira ukachigwedeza. Anati kumudzi kwawo achinyamata anayamba kuchitaya, koma alendo akamabwera kudzaphunzira, amisiri ochipanga amapeza ntchito ndipo ana amabwerera kukaimba. Anagawira aliyense chake, ine ndemwe, n'kutiimbitsa limodzi. Zinakoma zedi! Anthu anandanda kulembetsa ulendo wokaona kwawo kwa Euis ku West Java.

Lecturer uja, akupukuta misozi ya kuseka, anati ganyu ndi yanga, bola ndiyambe ndagula map.

Kenako bambo wina wachikulire anafunsa Euis, "Kodi n'zofunikadi kuti tichite kupita komweko?"

Euis anandiloza. "Bambo, mwamuona mkuluyu? Akuchita Masters ya Tourism. Ngati ophunzira ali chonchi, chonde bwerani nonse!"

Abale, musanaimike dzanja, funsani spelling.